NYANGA ZA KADZIDZI NDI NTHENGA CABE

Caka catha, masukulu atatsekera m'mwezi wa Ogasiti, tinali ndi msasa wa acinyamata wa masiku atatu pa chalichi cina ca kumudzi, pakati pa Katete ndi Sinda. Tinasonkhana ambiri. Ena anabwera pa njinga, ena pa ngolo, ndipo gulu lina linacokera ku Vubwi pa lole. Sindidzachula dzina la chalichico kapena la munthu aliyense, cifukwa colinga canga si kucititsa munthu manyazi. Koma zimene ndinaona pa tsiku laciwiri ziyenera kukambidwa, ndipo ine ndacedwa kale kuzikamba.

Mtsikana wina wa Giredi 9 anali ndi buku la Cingerezi limene azakhali ake anamgulira ku Lusaka, pa mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Pa nthawi yopuma anakhala pansi pa mtengo wa mango nayamba kuwerenga. Mmodzi wa atsogoleri athu anamfikira, natenga bukulo, nayang'ana dzina lake: Harry Potter. Anafunsa funso limodzi lokha. "Iwe, kodi si buku lija la mwana wolankhula ndi njoka?" Mtsikanayo anagwada nayankha kuti, "Inde abambo, koma ndi nthano cabe." Sanamlole kupitiriza. Tinaitanidwa tonse, bukulo linaponyedwa pa moto pamene amai anali kuphikira nyemba, ndipo tinayimba kolasi. Inenso ndinaomba nawo m'manja.

Usiku womwewo kadzidzi analira pa mkuyu kuseri kwa chalichi. Anyamata anadzuka ndi malegeni ndi miyala. Mumdimamo ndinamva wina akuchula dzina la ambuya ena a m'mudzi woyandikana nafe, amasiye okhala okha, nati, "Ndi iwo aja. Akwiya cifukwa taocha buku lao." Ena anaseka, ena anakhulupirira. Kutaca, ana amene dzulo lake anali kuwatungira madzi ambuyawo anayamba kulambalala nyumba yao.

Buku lija linapsa m'mphindi zisanu. Mau aja akali kuyenda m'mudzimo mpaka lero. Tsono anzanga, anyamata ndi atsikana a m'mipingo yathu, ndikufunsani: pa zinthu ziwirizi, cimene cinayenera kutiopsa ndi citi?

MULI CIANI M'BUKUMO?

Tiyambe ndi cimene sitinacite tsiku lija, ndiko kutsegula bukulo.

Mabuku a Harry Potter alipo 7. Anawalemba mai wa ku Britain, J.K. Rowling. Loyamba linatuluka mu 1997, lomaliza mu 2007, ndipo agulidwa oposa 500 miliyoni pa dziko lonse. Ambiri a ife tinaiona nkhaniyi pa vidiyo tisanalione buku. Ndi nkhani ya mwana wamasiye, woleredwa ndi abale osamkonda, amene apita ku sukulu yophunzitsa matsenga. M'dziko lopekalo akadzidzi ndiwo amanyamula makalata. Muli nyama ina theka kavalo, theka ciombankhanga. Muli mbalame imene ikakalamba imapsa nibadwanso m'phulusa lake. Muli kangaude wamkulu wolankhula, ndi cinjoka cimene munthu akaciyang'ana m'maso amafa pomwepo. Ndipo n'zoona, Harry amamva cilankhulo ca njoka.

Koma taonani cimene wolembayo anacita ndi zinthu zimenezi. M'buku laciwiri, ana a pa sukulupo ayamba kupezeka atauma gwa ngati miyala. Palibe adziwa wocititsa. Tsiku lina anzake amuona Harry akulankhula ndi njoka, ndipo basi, mlandu watha: ndi iyeyu. Amthawa, amnong'onezana, amloza cala akamadutsa. Pamene iye anali kuiletsa njokayo kuti isalume mnzake! Wolakwa weniweni anali wina. M'buku lomwelo timva kuti wanchito wina wa pa sukulupo anacotsedwa sukulu ali mnyamata cifukwa ca imfa imene sanacititse, pa cifukwa cokha cakuti anali kuweta kangaude. M'buku lacitatu nyama ija ya theka kavalo igamulidwa kuti iphedwe cifukwa ca umboni wokokomeza, ndipo munthu wina akhala m'ndende zaka 12 pa mlandu wosalakwa.

Mwaiona nkhani yake? Mabukuwa abwereza kambirimbiri phunziro limodzi: usamnamizire munthu cifukwa ca cizindikiro cimene sunacimvetse. Ife tinaocha phunzirolo masana, ndipo usiku tinacita cimene linali kutiletsa.

PANANGOKHALA

Ngati nyama yolankhula ndi cizindikiro ca Satana, ndiye kuti tonse tinaleredwa ndi Satana. Ndani wa ife sanakhalepo pa moto madzulo, ambuya akuti "Panangokhala," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse"? Kalulu analankhula. Fisi analankhula, mpaka anang'ambika pa mphambano pofuna kudya maphwando awiri nthawi imodzi. Kamba anaweruza milandu. Makolo athu a zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anali kuzungulira wailesi kumvetsera Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo, akusintha mau kukhala nyama iyi ndi iyo, ndipo m'mawa mwake anali kupita ku chalichi ndi mtima woyera. Palibe mkulu wa mpingo anaphwanya wailesi.

Acewa akale anali kusimba kuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, anthu ndi nyama anakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto naocha thengo. Nyama zinathawa mokwiya, zina monga galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, bilimankhwe anakwera mumtengo. Anzathu a ku Malawi ali ndi Napolo, cinjoka cimene amati cikamasamuka m'phiri cimagumula miyala ndi madzi, monga zinacitikira ku Phalombe mu 1991. Ku Kariba kuli Nyaminyami. Zilombo zodabwitsa sizinabwere ndi azungu. Mtundu uliwonse uli ndi zake.

Ndipo mwana wa zaka zisanu amadziwa kusiyanitsa. Akamva nthano ya Kalulu usiku, m'mawa sapita ku munda kukapatsa moni kalulu. Akamuona amaitana agalu. Nanga bwanji tiganiza kuti mtsikana wa Giredi 9, wotha kuwerenga masamba oposa 200 a Cingerezi, adzapita ku culu kukaceza ndi mphiri?

Pali nthano imodzi imene ndifuna tiikumbukire. Mbalame zonse zinali kuopa Kadzidzi cifukwa anali kuziuza kuti ali ndi nyanga. Zinamlonga ufumu, zinali kumpatsa msonkho, zinali kunjenjemera akatsegula maso. Tsiku lina kambalame kakang'ono kanalimba mtima, kanamfikira masana ali m'tulo, kanagwira nyanga zija. Zinali nthenga. Makolo athu anatisiyira nthanoyi kuti tidziwe kuti cinthu coopsa uyenera kuyamba wacigwira usanacigwadire, ndiponso usanaciponye miyala.

NANGA BAIBULO?

Wina adzati, "Nthano za makolo n'zina, ife tsopano ndife Akristu." Cabwino, titsegule Baibulo.

Pa Oweruza 9, Yotamu aimirira pa phiri nasimba nthano ya mitengo imene inafuna mfumu. Mtengo wa azitona ulankhula, mkuyu ulankhula, mpesa ulankhula, ndipo pomaliza ufumu ugwera mtengo waminga. Kodi Yotamu anali mfiti? Pa 2 Samueli 12, mneneri Natani apeka nkhani ya munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa kuti Mfumu Davide aone kulakwa kwake. Pa Numeri 22, bulu wa Balamu aona mngelo amene mbuye wake sanamuone, ndipo Mulungu atsegula pakamwa pa buluyo kuti adzudzule mneneri. Pa 1 Mafumu 17, akhungubwe amtengera Eliya cakudya m'mawa ndi madzulo. Inde, pa Genesis 3 pali njoka yonyenga. Koma cimene cinagwetsa Hava ndi bodza limene analikhulupirira, ndipo bodza limatuluka m'kamwa mwa anthu tsiku ndi tsiku popanda njoka.

Akristu enanso analemba nthano zotere dala, pofuna kuphunzitsa. C.S. Lewis, mphunzitsi wa ku Oxford ndi Cambridge amene mabuku ake acikristu awerengedwa m'masukulu a abusa, analemba mabuku 7 a Narnia pakati pa 1950 ndi 1956. M'menemo nyama zimalankhula, muli mfiti yaikazi, ndipo mkango wochedwa Aslan udzipereka kuphedwa m'malo mwa mnyamata wopereka abale ake, nuukanso. Mwana aliyense wa Sande Sukulu angakuuzeni kuti mkangowo uimira yani. Ngakhale m'buku lomaliza la Harry Potter, pa manda awiri palembedwa mau ocokera pa Mateyu 6:21 ndi 1 Akorinto 15:26, ndipo mnyamatayo apambana pamene abvomera kufera anzake.

Amene amaocha mabuku amakonda kuchula Macitidwe 19:19, pamene anthu a ku Efeso anaocha mabuku a matsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000. Werengani bwino ndimeyo. Anthuwo anali ocita matsenga eni ake. Mabukuwo anali ao, anali zipangizo za nchito yao, ndipo anawabweretsa okha atalapa. Paulo sanalande buku m'manja mwa mwana. Cimene Deuteronomo 18 aletsa ndi kuombeza, kulodza, kufunsira kwa akufa, ndiko kuti kucita zinthuzo. Kusimba nkhani ya wakuba si kuba.

Kuocha kumeneku sitinayambe ndife. Mpingo wina ku Alamogordo m'dziko la America unaocha mabukuwa mu Disembala 2001. Ansembe ena ku Gdansk m'dziko la Poland anacita cimodzimodzi mu 2019, ndipo pambuyo pake amene anatsogolera anapepesa poyera. Mabukuwo akali kuwerengedwa. Moto sunatembenuzepo mtima wa munthu.

PAMENE OTSUTSA ANENA ZOONA

Sindifuna kunama kuti atsogoleri athu alibe mfundo. Ali nazo, ndipo ziyenera kumvedwa.

Coyamba, mwana wa ku London akamva liu lakuti mfiti amaganiza za cipewa cosongoka ndi tsace. Kwa iye ndi masewera. Kuno kwathu liu limenelo lili ndi mwazi. Lathetsa maukwati, lasamutsa mabanja. Motero kholo la ku Katete likadabwa kuona buku lokamba za sukulu ya afiti, si umbuli iai. Mantha ake ali ndi pocokera.

Caciwiri, mabuku omalizira ndi olemera. Muli imfa zambiri ndi zoopsa zimene mwana wa Giredi 4 angalote nazo. Kholo lili ndi ufulu wonena kuti, "Yamba wakula." Ndipo mnzathu amene cikumbumtima cake sicimlola kuwerenga, asawerenge, ndipo wina asamseke.

Cacitatu, nthano zimasinthadi zocita za anthu. Mu 2010 nduna yoona za cilengedwe ku India, Jairam Ramesh, inadandaula kuti makolo ena a m'mizinda anali kugulira ana ao akadzidzi potengera Harry Potter, ndipo mbalamezo zinali kugwidwa m'thengo. Onani kuti ngakhale pamenepo wobvutika anali kadzidzi.

Zonsezi ndi zifukwa zokhalira pansi ndi mwana, kuwerenga naye ndi kukambirana. Palibe cimodzi cimene cili cifukwa colandira buku ndi kumcititsa manyazi pamaso pa anzake. Ndipo ndifunse mosabisa: anzathu amene amapita kwa ng'anga kukatema mphini mayeso a Giredi 12 akayandikira, kapena kukakwirira mankhwala pa golo tsiku la mpira, ndi angati mwa iwo anawerengapo Harry Potter? Njira ya kwa ng'anga inalipo bukuli lisanalembedwe, ndipo ena oyendamo amayimba nafe kwaya.

NYAMA ZIMALANKHULADI

Tsopano ndikuuzeni cinthu codabwitsa kuposa zonse za m'mabuku aja, ndipo ici ndi coona.

Alenje a uci amaidziwa mbalame yochedwa nsadzu, imene Ayao amaicha sego. Imamfikira munthu, nilira mobwerezabwereza, niuluka kucoka pa mtengo uwu kupita pa uwo mpaka itamfikitsa pa mphako ya njuci. Munthu afukiza utsi, atenga uci, mbalameyo idya phula ndi ana a njuci. Mu 1588 wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, anaona kambalame kameneka kakulowa m'chalichi cake ku Sofala kudzadya phula la makandulo. Mu 2016 katswiri wa mbalame, Claire Spottiswoode, pamodzi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza poyenda ndi alenje a Ciyao m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kao, kunjenjemeretsa milomo kuti "brrr" kenaka n'kuguguda kuti "hm". Poyenda ndi kaitanidweko, nsadzu inabwera kudzatsogolera pa maulendo 66 mwa 100 alionse, pamene ndi phokoso lina inabwera pa maulendo 33 cabe. Mwai wopeza njuci unakwera kucoka pa 17 kufika pa 54. Mbalame ya m'thengo, yosawetedwa ndi munthu, imamva kuitana kwa munthu nidziwa tanthauzo lake!

Ngakhale pamenepa tiyenera kupeta. Akulu amati ukaimana phula, ulendo wina idzakutsogolera kwa njoka. Imeneyo ndi nthano yophunzitsa kuyamika, ndipo ndi yabwino. Koma kuti nsadzu imatsogolera ku njuci, cimeneco cinayesedwa ndi kuwerengedwa. Munthu wanzeru amasunga zonse ziwiri, koma amadziwa kuti mphale ndi iti, gaga ndi uti.

Apusi amene amatibera cimanga nawonso ali ndi mau ao. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, Dorothy Cheney ndi Robert Seyfarth anajambula kulira kwao nakuseweranso pa makina, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 1980. Akamva kulira kocenjeza za nyalugwe, apusi amathawira m'mitengo. Akamva kwa ciombankhanga, amayang'ana kumwamba nabisala m'zitsamba. Akamva kwa njoka, amaimirira ndi miyendo iwiri nayang'ana m'udzu. Koma kodi tifunikira kupita ku Kenya? Tamverani thadzi pa bwalo lanu. Kuitana kwake likapeza ciswe ndi kwina, kulira kwake likaona kabawi ndi kwina, ndipo anapiye amadziwa kusiyana kwake asanathe sabata.

Ici ndico cimene Yobu 12 atiuza, kuti tifunse nyama ndi mbalame ndipo zidzatiphunzitsa za dzanja la Mlengi. Miyambo 6 itumiza waulesi kwa nyerere. Nyama zimalankhula za cakudya, za adani, za zisa ndi za ana ao. Palibe nyama imalankhula za maliro a m'banja mwanu. Kadzidzi akalira pa denga akuitana mkazi wake kapena akucenjeza mnzake kuti malo ano ali ndi mwini. Abwera pa mudzi cifukwa pa mudzi pali nkhokwe, ndipo pa nkhokwe pali makoswe. Alimi a ku Israel, m'cigwa ca Yordano, anayamba m'zaka za m'ma 1980 kukhomera akadzidzi mabokosi m'minda kuti aziswerana, cifukwa anaona kuti amacepetsa makoswe popanda kuthira poizoni. Ife mlonda wa nkhokwe yathu timamlasa ndi legeni, kenaka n'kumadandaula kuti cimanga catha Disembala asanafike.

Wina adzati Levitiko 11 aika kadzidzi pa mbalame zodetsedwa. N'zoona. Mutu womwewo uikanso nkhumba ndi kalulu pa nyama zodetsedwa. Nkhani yake inali ya zakudya za Aisraeli. Kodi alipo pa Sinda amene amathawa nkhumba kuti ndi mthenga wa afiti?

PAMENE NTHANO IMAKHETSA MWAZI

Kadzidzi wa m'buku sanaphepo munthu. Koma pali nthano zina za nyama zimene timazisimba ngati umboni, popanda "panangokhala", ndipo zimenezo zapha anthu. Akuti ambuya akutiakuti amakwera fisi usiku. Akuti asibweni aja amaweta njoka yowabweretsera ndalama. Akuti kadzidzi uja watumidwa. Nthano ya Kalulu imatha ndi kuphula mbatata, tonse n'kukagona. Nthano izi zimatha ndi nyumba yopsa.

Ku Chiawa, m'mbali mwa Zambezi, pakati pa 1994 ndi 1995, pa nthawi imene Edzi inali kutha anthu, kamcape wina anaitanidwa kudzayeretsa midzi. Anthu 16 anafa ndi mwabvi umene anawamwetsa. Kacirombo kamene kanali kupha ana ao kanapitirira nchito yake osasokonezedwa. Ku Neno m'dziko la Malawi, mu Januwale 2016, mphezi inapha mtsikana wa zaka 17. Gulu la anthu linapha okalamba anai powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Pa maliro amodzi panakhala maliro asanu. Ndipo pa zocitika zotere, amene amanyamula zibonga ndi miyala kawirikawiri ndi anthu a msinkhu wathu.

Ambiri sitidziwa kuti lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, lija la mutu 90 limene linakhazikitsidwa mu 1914, limati kumuchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Limaletsanso nchito ya akamcape, ndiponso kudzionetsa kuti uli ndi mphamvu za ufiti. Lamuloli likali kugwira nchito. Mu Disembala 2024 apolisi ku Lusaka anagwira amuna awiri, wina wa kuno wina wa ku Mozambique, ali ndi zithumwa ndi bilimankhwe wamoyo, powaganizira kuti anafuna kulodza Pulezidenti Hakainde Hichilema. Mu Seputembala 2025 khoti linawagamula zaka ziwiri m'ndende. Za mlanduwo anaweruza ndi a khoti. Ine ndingoti taganizirani za bilimankhweyo, kanyama kodya nchenche ndi ziwala, koyenda ngati kakuwerenga mapazi. Kanadziwa ciani za State House?

Baibulo linatiuza kale za cizolowezi cimeneci. Pa Macitidwe 28, Paulo atapulumuka m'ngalawa yosweka pa cisumbu ca Melita, anatola nkhuni naziika pa moto, ndipo njoka inatuluka nimluma pa dzanja. Anthu a pa cisumbupo anaweruza pomwepo kuti ameneyu ndi wakupha anthu. Ataona kuti sanatupe, anatembenuka nati ndi mulungu. Analakwa kawiri m'tsiku limodzi, cifukwa anafuna kuwerenga mtima wa munthu poyang'ana njoka. Njokayo inangothawa kutentha.

Ndipo popeza takamba za njoka, timalize nkhani yake. Njoka ilibe makutu akunja. Imamva kwambiri kugwedezeka kwa nthaka. Singatumidwe ndi mau a munthu, a Harry Potter kapena a asibweni anu. Mphiri imaluma cifukwa mwaiponda. Bungwe la World Health Organization limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa caka ciliconse pa dziko lapansi cifukwa columidwa ndi njoka, ndipo ambiri ndi alimi a kumidzi ngati ife. Mnzanu akalumidwa pokolola nshawa kapena potola nkhuni, nthawi yofunsa kuti "waitumiza ndani" ndiyo nthawi imene ululu ukuyenda m'thupi. Musateme pa bala, musayamwe, musamange cingwe colimba. Mkhazikeni osayendayenda, ndipo mumnyamule msanga kupita naye ku St Francis, ku Nyanje, ku Vubwi kapena ku cipatala ciliconse capafupi.

TIGWIRE NYANGAZO

Atsogoleri athu, tikulemekezani, ndipo tidziwa kuti mumatifunira zabwino. Koma tikupemphani, buku likakudabwitsani m'manja mwa mwana, libwerekeni. Liwerengeni sabata imodzi, kapena mpatseni mphunzitsi wa mumpingo aliwerenge, kenaka tidzakambirane tonse pa msonkhano wa pa Ciweru, Baibulo lili potsegula. Mukatero mudzatiphunzitsa kuyesa zinthu, ndipo luso limenelo tidzapita nalo ku Lusaka, ku koleji ndi pa foni, kumene inu simudzakhalako kuti mutilande kanthu. Mukaocha, mutiphunzitsa kubisa. M'midzi yathu mabuku ndi osowa ngati ndalama m'mwezi wa Febuluwale. Mwana amene wadzipezera yekha buku nakhala pansi kuliwerenga ayenera kupatsidwa laciwiri.

Anzanga acinyamata, nafenso tili ndi mbali yathu. Werengani, koma werengani muli maso. Funsani kuti nkhaniyi itamanda ciani, inyoza ciani, ndipo indisiya ndili munthu wotani. Pitaninso kwa ambuya mukawapemphe nthano za Kalulu ndi Fisi, muzilembe m'kope, cifukwa tsiku limene adzatisiya zidzapita nao. Ndipo tsiku limene kadzidzi adzalira, wina n'kuchula dzina la munthu mumdima, pakhale mmodzi wa ife wonena mokweza kuti, "Iai, imeneyo ndi mbalame, ikusaka makoswe." Mau amenewo ndi obvuta kuwanena anzako onse atagwira miyala. Ine ndinalephera kuwanena.

Patapita miyezi iwiri ndinabwerera ku mudzi uja ndi anzanga atatu. Tinawapeza ambuya aja akusenda cinangwa pa khonde. Tinawatungira madzi, tinawawazira nkhuni, tinakhala pansi. Sanafunse cimene tadzera, koma anati, "Adzukulu anga, ndimayesa mwandiiwala nonse." Madzulo anatisimbira nthano ziwiri. Mwa zonse ziwiri nyama zinali kulankhula.

Buku la mtsikana uja ndikali kulifunafuna kuti ndimbwezere. Amene ali nalo, ngakhale long'ambika cikuto, alitumize kudzera kwa akonzi a magazini ino.